Zomwe Ndakwirira pa Ngodya za Nyumba

Lolemba

Sabata ino ndi ya maluwa. Ndalemba pano kuti mawa ndisakane.

Ukwati wa mwana wanga Thoko uli kumayambiriro kwa Disembala. Pano Seputembala wangoyamba kumene. Giladiyolasi, duwa lalitali lija longa mkondo, amafuna miyezi itatu kuti achoke m'dothi n'kufika pomasula. Mbewu yake si njere, ndi tianyezi. Sabata ino ikatha tianyezito tisanalowe pansi, basi, Thoko adzalowa m'tchalitchi atanyamula maluwa a pulasitiki a ku Limbe, aja amati Loweruka ali ku ukwati, Lolemba ali pamanda.

Wandipalamulira ndi mlomo wanga womwe. Tsiku la chinkhoswe, titatha kudya, amayi ake a mnyamata, mayi wa ku Blantyre wa magalasi pansonga ya mphuno, akuti: "Za maluwa musavutike, tidzabwera nawo ife. Kwanu kuno mungawapeze kuti?" Ine, mphunzitsi wa Chichewa, amene ndimadyera kuphunzitsa ana miyambi ya kudekha, ndinangomva pakamwa panga pakuyankha: "Ndidzabzala ndekha. Giladiyolasi. Pakhomo panga pomwe pano." Anthu anaomba m'manja. Chibadwire sindinabzalepo duwa.

Kumene ndasakasaka lero titaweruka:

Pa gulu la pa foni la amayi okonda maluwa. Mayi wina akuti ali nato, ndalama zitsogole. Watumiza zithunzi za dimba lake la ku Ndirande. Kumbuyo kwa maluwawo kukuoneka chipale chofewa. Ku Ndirande!

Sitolo ya mbewu m'tauni ya Zomba. "Tili ndi repu, chaina ndi tomato. Zamaluwazo n'za masisitere, amayi."

Mumsika. Mayi wina wandigwira dzanja, wandipatsa adyo. "Ameneyunso mukamusiya amachita maluwa."

Koma mayi yemweyo wandiuza za Che Bwanali, nkhalamba ya kuphiri imene imagulitsa maluwa kwa alendo okwera kumeneko. Ndatumiza uthenga kudzera kwa wakabaza. Akuti atsika mawa.

Pa foni ndawerenga kuti kaanyezi kabwino kamakhala kolimba gwa, kolemera m'dzanja, kopanda nkhungu, makoko ake ali pomwepo. Kofewa kapena kopepuka, kasiye. Ndaloweza ngati ndakatulo.

Bambo a Thoko, amuna anga, a mu ofesi ya za ndalama ku koleji, amva zonsezi, akuti: "Maluwawo amadyedwa?"

Zina: a hedi alengeza kuti ine ndi a Matewere, mphunzitsi wa za ulimi, a nyumba yoyandikana ndi yathu pamzere wa aphunzitsi, taitanidwa ku intavyu ya wachiwiri kwa a hedi sabata ya mawa. Ndilibe nazo. Mutu wanga uli m'dothi.

Lachiwiri

Che Bwanali afika!

Dzuwa lonseli, iwo ali m'chijasi chakuda chofika m'maondo. Panjinga pali thumba, botolo la uchi, ndi mitolo ya gondolosi, mizu ija amatafuna amuna akamafuna kudzimva unyamata. Ati maluwa okha sadyetsa munthu, ndiye amayenda ndi zonse. Atangolowa pamzere wathu, makatani a nyumba zinayi agwedezeka popanda mphepo.

Mawu alibe. Chifuwa chinawatsekereza kukhosi, amangonong'ona. Ndiye kuti ndimve ndasendera pafupi, ndapendeketsa khutu, nanenso osadziwa ndayamba kunong'ona. Tili kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mango, mayi wa mpingo ndi nkhalamba ya mizu, mitu pamodzi, tikumasula kamtolo ka nsalu yakuda komangidwa ndi luzi.

Tianyezi tokongola bwanji, abale! Tolimba. Tolemera. Ndakanikiza kamodzikamodzi ndi chala, tiwiri tofewa ndabweza. Akuti agogo ake a tianyezi timeneti anali m'dimba la mzungu wina kuphiriko kalekale. Ndafunsa mitundu yake, poti ukwati wathu ndi wa zoyera ndi pichi. Ayang'ana kumwamba. "Mtundu wake audziwa ndi Mulungu, mayi."

Chabwino. Duwa ndi duwa.

Kenako akuti aone dothi. Azungulira nyumba yonse pang'onopang'ono, ine pambuyo. Pa ngodya iliyonse akuima, akubaya pansi ndi ndodo, akutapa dothi, akulinunkhiza, akugwedeza mutu. Malangizo awo: musaike pamalo amodzi, mfuko ikapeza imamaliza tonse tsiku limodzi. Gawani pa ngodya zinayi, pamenenso tsache silinaumitse dothi. Thirani phulusa, chiswe chisayandikire.

Nzeru zomveka. Ndalemba padzanja.

Potuluka akumana ndi akazi a a Matewere ali pampopi. Mayiwo ndowa yadzaza kalekale, madzi akungotayika, maso ali pa ife. Ndawapatsa moni. Ayankha: "Zikomo, Madamu, alendo eti?" Ndati: "Eee, andibweretsera tinthu tina tokwirira."

Ndasangalala lero ngati mwana. Tianyezi ndatisunga pansi pa bedi, malo amdima ndi ozizira, monga ikunenera foni.

Lachitatu

Tabzalidwa!

Ndadikira dzuwa lipepe, poti akuti masana dothi limaotcha. Chisisira chikuyamba ndatuluka ndi kakhasu, mbale ya phulusa, ndi chitenje chakale m'chiuno.

Ndondomeko: kugwada. Kukumba kadzenje kakuya ngati chikhatho. Kuika kaanyezi nsonga ikuloza kumwamba. Kukwirira. Kuwaza phulusa mozungulira. Ndimaiwala msanga ine, ndiye pa dzenje lililonse ndikudziuza chapansipansi, "Nsonga m'mwamba, nsonga m'mwamba." Ngodya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Maondo akulira koma mtima ukuimba.

Nkhuku za pamzere pano n'zopanda mwambo, zimafukula ngakhale simenti. Ndang'amba diresi yanga yakale yofiira, ndamanga tinsanza pa timitengo, ndazika pa ngodya iliyonse kuti tiziopseza nkhukuzo. Ndaima patali kuyang'ana. Nyumba yaoneka ngati ya munthu wadongosolo.

Ndipamene atulukira a Matewere, ndi njira yawo yachidule ya kuseri kwathu, patapata kuphazi, akuti akufuna kubwereka chaja. Ndikuona phazi lawo likupita pa phulusa penipeni. Ndakuwa, mawu aja ndimakuwira ana a Fomu Wanu:

"Musaponde pamenepo! Mayo ine, mwaponda!"

Aima chilili, phazi lina m'mwamba ngati kakowa. Ayang'ana phulusa. Ayang'ana kansanza kofiira. Ayang'ana ine, manja anga ali mbuu. Afunsa motsitsa: "Madamu, mwakwirira chiyani?"

Ine mokondwa: "Mudzaona nokha miyezi itatu ikatha!"

Chaja aiwala. Abwerera chafutambuyo mpaka pakhomo pawo.

Ndawafotokozera bambo a Thoko. Asisita chibwano. Kenako akuti: "Pa ngodya zonse zinayi?" Ndati eee. "Chisisira?" Eee. "Ndi nsanza zofiira?" Eee, nanga nkhuku? Apumira m'mwamba, apita kukasamba kachiwiri.

Amuna nthawi zina sadziwika.

Lachinayi

Kalanga ine!

A Matewere sanabwere ku sukulu. Phazi latupa ngati dzungu. Phazi lomwe lija.

Ndalowa ku sitafu, nkhani zonse zii. Munthu wina wasiya mandasi ali pakati pa mbale ndi pakamwa. Ndathira tiyi, ketulo yonse yatsala yanga, palibe wina waikhudza. Madamu a Masamu, mnzanga wa zaka ndi zaka, amene timabwerekana mchere ndi zinsinsi, asuntha mpando wawo pang'ono, ngati akuthawa dzuwa.

Pa buleki ndawatsekereza kuseri kwa laibulale. Ayang'ana uku ndi uku. "Asisi, zamveka. Akuti mwaitanitsa sing'anga wa kuphiri, watsirika nyumba, ndipo a Matewere mwawatchera chifukwa cha intavyu."

Kukamwa kwanga yasa! Ine? Sing'anga? Intavyu imene sindinasite ndi diresi yomwe?

Ndabwereza m'mutu zonse za dzana ndi dzulo. Chijasi chakuda. Kunong'ona. Kamtolo ka luzi. Ngodya zinayi. Phulusa. Kugwada ndikulankhula ndekha. Nsanza zofiira. "Mudzaona nokha miyezi itatu ikatha." Ndakhala pansi pa sitepe. Kunena zoona, ndikanakhala ine pampopi paja, ndikanafalitsa nkhaniyi bwino kuposa iwo.

Koma phazi la a Matewere pamzere pano salidziwa ndani? Limatupa mwezi ndi mwezi malipiro akatuluka, akakhalitsa pa chiwaya cha nyama ya mbuzi pa Naisi. Adokotala anawaletsa kalekale nyama yofiira. Malipiro atuluka sabata yatha yomweyi! Lero aliyense waiwala mbuzi, akukumbukira ine.

Titaweruka ndafukula kaanyezi kamodzi, ndapita nako kwawo kuti aone okha. Munthu wa digiri ya za ulimi. Ndagogoda, ndalowa, ndatambasula dzanja. "Bambo, inu ndinu katswiri, tayang'anani, kameneka n'chiyani?" Aphimba nkhope ndi pilo! Mawu akuchokera pansi pa pilo: "Ku koleji tinaphunzira chimanga, fodya ndi nkhumba. Zanuzi sitinafikeko. Tulukani nazo, chonde, ndili ndi ana."

Akazi awo anditsegulira chitseko ndi chigongono.

Ndakabwezera m'dzenje lake. Nsonga m'mwamba. Ulendo uno ndanena mumtima.

Chokoma chimodzi lero: Fomu Firii, kalasi ya akambuku ija, inali chete ngati m'tchalitchi. Homuweki alemba onse. Onse! Ena alemba ndi ya mawa yomwe.

Lachisanu

M'mawa ndatuluka ndi keni kukathirira. Pa ngodya ya kumpoto palibe kanthu. Maenje okhaokha.

Mfuko? Mfuko sivala patapata. Mfuko sibwezeretsa kamtengo ka nsanza pamalo pake mwaulemu.

Ndaima pamenepo keni ili m'manja, madzi akundithira kumapazi. Ndiye kuti akundiopa masana, n'kumandibera m'bandakucha?

Tsiku lonse ndalandira alendo a m'khutu.

Madamu a Masamu, omwe aja osuntha mpando: "Asisi, musandimve molakwa. Kamodzi kokha. Bambo a kwathu masiku ano sakukhazikika, akuti misonkhano ku Liwonde Loweruka lililonse."

Mayi wogulitsa zitumbuwa pageti: malonda akuti anamangidwa ndi mnzake wa mandasi.

Dalaivala wa minibasi wina amene sindikumudziwa n'komwe, wachita kuimika galimoto yodzaza anthu pamsewu, kuthamangira kuno. Akuti apolisi a pamsewu amukonda mopitirira.

Ndi a hedi! A hedi enieni, ovala tayi, amene pa asembule amadzudzula zikhulupiriro zachikale m'Chingerezi. Andiitanira mu ofesi, atseka chitseko, atsokomola. "Madamu, si ine ayi. Ndikungofunsira mlamu wanga."

Aliyense ndamuuza chimodzimodzi: ndi maluwa. Maluwa a ukwati wa Thoko. Ndatsegula foni, ndawaonetsa zithunzi. Ayang'ana chithunzi, ayang'ana ine, amwetulira mwanzeru. "Eee, maluwa. Tamva, Madamu. Ifenso tikufuna maluwa omwewo."

Ndikamakana, ndi pamene akukhulupirira kwambiri. Akuti weniweni savomera.

Madzulo ndakhala pa khonde ndi mpando kuyang'anira. Koma nyumba ili ndi ngodya zinayi, ine ndili ndi maso awiri, onse kutsogolo. Ndikupita kukaona mphika wa nyemba, pobwera ngodya ya kuseri yapepuka theka.

Thoko waimba. Alibe moni. "Mayi, mwachita chiyani kumeneko?" Nkhani yafika ku Blantyre! Msuweni wa akazi a a Matewere amapemphera ndi apongozi a Thoko. Ndamufotokozera zonse, waseka mpaka kutsamwa, kenako wasiya kuseka. "Koma maluwawo adzakhalapo, eti mayi? Ndinawauza anzanga onse kuti ndi obzala mayi anga." Ndati adzakhalapo, mwanawe. Mawu atuluka ang'ono.

Patangopita kanthawi amayi ake a mnyamata aimbanso okha. Aulemu bwanji lero! "Amayi, mwaswera bwanji? Ife chilichonse chimene mungakonze tavomera. Chilichonse. Sitikufuna kukukhumudwitsani." Magalasi aja ndikuwamva akunjenjemera pa foni.

Loweruka

Ngodya zitatu zatha. Yatsala imodzi, ya pafupi ndi zenera la kuchipinda.

Ndikuchapa. Ndapisa m'thumba la jekete ya bambo a Thoko kuti ndichotse mapepala. Dzanja lagwira chinthu cholimba, chokulungidwa mu hanki. Ndamasula.

Kaanyezi kanga!

Ndawapeza ali pa khonde akupolisha nsapato. Ndangokaika pa bondo pawo. Ayang'ana kumbali, ku phiri. "Ine sindikhulupirira zimenezi, amayi a Thoko, mukundidziwa. Koma ku ofesi kukubwera oyendera mabuku sabata ya mawa. Ndiye ndinati, poti kali kale pakhomo..."

Mwamuna wanga! Amene anandiona ndikung'amba diresi chifukwa cha nkhuku!

Nthawi yomweyo, odi pakhomo. Akulu a mpingo atatu, ndi amayi awiri a mpingo ovala zoyera, ndi khasu. Abwera kudzandichezera, akutero. Khasu labwera kudzacheza nalonso. Akulu otsogolera ayamba mozungulira: za mlongo wathu amene sakugona chifukwa cha phazi la mwamuna wake, za nkhosa imene imasochera ili ndi satifiketi. Ndati akulu, ndi maluwa. Ndatulutsa foni. Mayi wina wa zoyera wayambitsa nyimbo kuti asandimve.

Apemphera pa ngodya iliyonse, ngakhale zitatu zopanda kanthu zija. Pa yachinayi akumba. Ine ndaima manja ali kumutu, ndikuona tianyezi tanga tikutuluka kamodzikamodzi, tina titayamba kale timizu toyera. Tinali titagwira! Dothi linali litativomera! Asonkha moto wa mapesi kuseri, aponyamo. Tathetheka pang'ono, kenako kamodzi kaphulika, phu! Onse abwerera m'mbuyo. "Mwamva? Chatuluka!"

Koma ine ndimaphunzitsa kalasi ya ana ambirimbiri, maso anga amaona dzanja limene likulowa m'thumba. Tofukulidwa tinali tambiri kuposa tolowa pamoto. Jekete ya mkulu mmodzi yatuluka pageti ikulemera mbali imodzi.

Ndathamangira pamsewu kukapeza wakabaza uja, kuti akawauze Che Bwanali anditsitsire tina msanga, nthawi ikadalipo. Wabwera nalo yankho dzuwa likulowa. Akuti tianyezi tatha. Kuyambira Lachinayi anthu a kwathu kuno ku Domasi akhala akukwera phiri mmodzimmodzi, ena ovala matayi, onse akufuna "tija munapatsa Madamu". Akuti maluwa sakugulitsanso, gondolosi wangotsala kuuma. Andithokoza kwambiri. Anditumizira botolo la uchi.

Ndakhala pa khonde ndi uchiwo. Sindikudziwa kuti ndilire kapena ndinyambite.

Kotsala ndi kamodzi, ka m'jekete kaja. Ndakabzala m'chitini cha penti, ndaika kuseri kwa chitseko cha bafa.

Lamulungu

Ku tchalitchi benchi yonse ndi yanga. Ndatambasula chikwama uku, buku la nyimbo uko. Malo sindinakhalepo nawo otere.

A Matewere alowa atavala nsapato zonse ziwiri. Aimirira kuchitira umboni: moto utangoyaka dzulo, phazi linayamba kuphwa. Mpingo wonse "Amen!" Za mapiritsi a ku chipatala amene akhala akumwa chiyambire Lachinayi sanatchule. Za mbuzi za pa Naisi zimene zapuma masiku atatu sanatchulenso. Ine ndangoyang'ana denga. Atsogoleri a amayi andinong'oneza kuti ntchito yokongoletsa kuguwa ndiyambe ndapuma kaye.

Pobwerera ndayenda pang'onopang'ono pamzere wathu, poti palibe woti ndiyende naye. Maso pansi. Ndiye ndikuona.

Pa ngodya ya nyumba ya Madamu a Masamu, kadothi konyowa, kozunguliridwa ndi phulusa.

Kwa a hedi, kuseri kwa garaja, chimodzimodzi. Mlamu uja ndiye kuti amakhala m'garaja.

Kwa aphunzitsi a Jogalafe. Kwa a Baibulo. Paliponse phulusa, ndipo pena pali ndi kansanza kofiira. Diresi yanga yafalikira mzere wonse.

Ndafika kwa a Matewere. Akazi awo agwada pa ngodya ya nyumba yawo, atatembenukira kukhoma, akukwirira chinthu ndi supuni. Andiona. Supuni yagwa. Tayang'anana.

Ndinali ndi mawu ambiri, a sabata yathunthu. Koma ndayang'ana m'dzenjemo, ndaona kaanyezi kanga kagona chadodolido, nsonga pansi. Mtima wandipweteka. Ndatopa nako kufotokoza. Ndawongola msana, ndatsitsa mawu ngati Che Bwanali.

"Mwazondotsa. Nsonga iloze kumwamba, apo ayi chikutembenukirani."

Atembenuza msangamsanga.

"Kuya kwake chikhatho chathunthu. Muzithirira kawiri pa sabata, dzuwa litapepa, osachita chithaphwi. Nkhuku isapondepo. Chikamera, muzikire kamtengo, mphepo isachigwetse. Osafukula kuti muone. Ndipo muwauze anzanu onse amene ali nato, mwambo wake ndi womwewo."

"Tamva, Madamu. Nanga... chikatulutsa duwa?"

"Duwalo sadula mwini nyumba. Mudzandiitane. Ndimadula ine ndekha."

Aomba m'manja mwaulemu, ali chigwadire.

Ndafika kunyumba. Ngodya zanga zinayi zili yasa ngati zibowo za mano. Dzina langa lapita. Kuguwa andichotsa. Intavyu ili mkucha, ndipo a hedi akandiona akumaimirira. Ndamuimbira Thoko kuti awauze apongozi ake agule a pulasitiki aja, angokhala pafupi, sizidziwika. Wafunsa kuti nanga dimba langa? Ndati dimba lilipo, mwanawe, lakula kuposa mmene ndinaganizira, ndipo lili ndi antchito ambiri osalipidwa.

Bambo a Thoko ali ku bafa nthawi yaitali. Ndikumva madzi akuthiridwa pang'onopang'ono m'chitini cha penti.

Ndawasiya. Ndikunola sizasi.